Khutba ya Jumu'ah: Tsitsi Likathothoka, Tiuze Yani ndipo Tinene Chiyani?

KHUTBA YOYAMBA

Alhamdulillah. Chitamando ndi kuthokoza zipite kwa Allah, amene adaumba munthu, namuveka khungu, nameretsa tsitsi pamutu pake munthuyo osalipirapo kanthu. Iye amapereka pamene wafuna, amatenga pamene wafuna, ndipo palibe womuimba mlandu. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, makamaka pa zimene malirime athu amatulutsa.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, nkhani imene ndaimirira nayo lero ndi ya tsitsi. Ndikudziwa kuti ena mwadabwa kale mumtima, mukuti nkhani za kusaluni zakwera bwanji pa mimbari. Dziwani kuti zidakwerapo kale pa mimbari yolemekezeka kuposa ino. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adalemba kuti Mu'awiya bin Abi Sufyan, Allah asangalale naye, m'chaka china chimene adachita Hajj ali Khalifa, adaima pa mimbari ya ku Madina, natenga mtolo wa tsitsi umene udali m'manja mwa msilikali, nafunsa khamu lonse kuti ma ulama awo ali kuti, popeza iye adamva Mtumiki akuletsa zoterezi. Ngati Khalifa sadachite manyazi kunyamula tsitsi pamaso pa anthu a ku Madina, ife a kuno ku Mualadzi tisachite manyazi kulikamba.

Amene ndikumuganizira lero ndi mlongo wathu uja amene wadzuka m'mawa napeza tsitsi lake latsala pa mtsamiro, mawa lake ladzaza chipeso, pakutha mwezi mutu wayera. Wamanga mpango kawiri, wasiya kupita kuchigayo, ndipo mumtima akusinkhasinkha zogula chimene pa Chichewa cha lero timati wigi, Apwitikizi amati peruca, Aarabu amati barukah. Funso loyamba limene limamuvuta n'lakuti Shariya ikuti chiyani. Funso lachiwiri, limene limamusowetsa tulo kuposa loyambalo, n'lakuti adzawauza bwanji amuna ake, amayi ake, ana ake ndi anzake. Amayi amene muli kuseri kwa chotchinga mukumva nokha. Amene atsala kunyumba, abambo inu muwatengere mawuwa osawapotoza.

Tsitsi limachoka pa zifukwa zambiri, ndipo zambiri mwa izo madokotala amazidziwa. Munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku iye osazindikira. Mayi akabereka, pakapita miyezi itatu kapena inayi, tsitsi limasosoka kwambiri, koma kawirikawiri limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Kutentha thupi kwa nthawi yaitali, kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimalichotsanso. Zipere za m'mutu, zimene zimavutitsa kwambiri ana, zimapatsirana kudzera m'zipeso ndi m'malezala, ndipo zimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sakwanira. Pali nthenda ina, madokotala amaitcha alopecia areata, pamene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake, n'kusiya mabwalo osalala ngati ndalama yachitsulo. Imeneyi sipatsirana, ngakhale mudyere mbale imodzi. Kuluka mokoka kwambiri ndi mankhwala owongolera tsitsi zimadya tsitsi la pamphumi, ndipo khungu likachita zipsera silimeranso.

Palinso khansa. Pakati pa amayi a dziko lathu la Mozambique, khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere ndizo zikupweteka ambiri. Wodwala wochokera kuno amayambira pa chipatala chathu chaching'ono, natumizidwa ku Tete, ndipo ena amapitirira mpaka ku Beira kapena ku Maputo. Ena amawoloka pa Cassacatiza kukafuna chithandizo ku Zambia, ku Katete, ku Chipata, ngakhale ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Mankhwala amphamvu amene amapatsidwa, amene pa Chipwitikizi amati quimioterapia, amapha tizigawo ta thupi timene timakula msanga, ndipo mizu ya tsitsi ili m'gulu limenelo. N'chifukwa chake pakapita masabata awiri kapena atatu chiyambireni mankhwala ambiri a mtunduwu, tsitsi limayamba kugwa, nthawi zina ndi nsidze zomwe. Mankhwala akatha, pakapita miyezi ingapo, kwa ambiri limameranso. Mutu woyerawo ndi chizindikiro chakuti munthu akulandira chithandizo, akutsatira lamulo la Mtumiki lakuti tifunefune mankhwala.

Koma mayi ameneyu akatsika galimoto pamsika, anthu samuwerenga choncho. Woyamba amafunsa kuti wafedwa yani, popeza pa mwambo wa makolo kuno anthu amameta pa maliro. Wachiwiri amanong'ona kuti wina adatola tsitsi lake napita nalo kwa sing'anga, ndipo asanathe kunena watchula kale dzina la mkazi mnzake kapena la apongozi. Wachitatu amati ndi kachilombo, ngati kuti kachilomboko kamapereka chilolezo chonyoza munthu. Onse atatu aweruza asadafunse. M'Surah Al-Hujurat, ndime 11 ndi 12, Allah waletsa okhulupirira kusekana, kutchulana maina achipongwe, kuganizirana zoipa, kufufuzana zamseri ndi kujedana, ndipo wojeda wamufanizira ndi munthu wakudya mnofu wa m'bale wake wakufa. M'ndime 11 akazi atchulidwa paokha kuti asaseke akazi anzawo. Mbuye wathu akudziwa zimene zimakambidwa pamjigo.

Tsono tibwere pa lamulo la wigi, ndipo pano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amathamanga.

Asma bint Abi Bakr, Allah asangalale naye, adasimba kuti mayi wina adabwera kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, nanena kuti mwana wake wamkazi ndi mkwatibwi, adadwala chikuku ndipo tsitsi lake lidathothoka. Kodi amulumikizire lina? Mtumiki adakana, natchula temberero pa wolumikiza ndi wopempha kulumikiziridwa. Hadith iyi ili m'Bukhari ndi m'Muslim, ndipo m'kusimba kwa mayi Aisha mukuoneka kuti mwamuna wa mtsikanayo ndiye amene adapempha. Sindikubisirani hadith imeneyi, ngakhale ikulemera, popeza ikukamba za munthu wodwala ngati amene tikumukambayu. Chifukwa cha iyo, ma ulama a madhhab onse anayi adagwirizana kuti kulumikiza tsitsi la munthu pamutu pa munthu wina n'koletsedwa. Adapereka zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chinyengo, popeza woona amayesa n'chenicheni. Chachiwiri ndi ulemu wa mwana wa Adam umene Allah wautchula m'Surah Al-Isra ndime 70: chiwalo cha munthu si katundu wa pamsika, ndipo tsitsi likachoka limayenera kukwiriridwa.

Ndipatukeko pang'ono. Tsitsi limene ogulitsa amalitama kuti ndi la ku Brasil, lambiri limachokera ku Asia. Kum'mwera kwa India kuli kachisi wa Ahindu wa Tirumala, kumene anthu miyandamiyanda amametedwa monga chopereka cha chipembedzo chawo, ndipo oyang'anira kachisiyo amagulitsa tsitsilo kwa amalonda. Mlongo wanga, usanaike chinthu pamutu umene umagwetsa pa sajda, funsa kumene chachokera.

Pamene ma ulama adasiyana ndi pa chinthu chimene si tsitsi la munthu. Abu Dawud adalemba kuti Sa'id bin Jubayr sadaone vuto pa ulusi umene akazi amalukira nawo. Al-Layth bin Sa'd wa ku Iguputo, amene adamwalira m'chaka cha 175 Hijri, adati chiletso chikukhudza tsitsi, osati ubweya wopota kapena nsalu. A madhhab a Hanafi adatsata njira yofanana ndi imeneyi. A Maliki adakhwimitsa, naletsa kulumikiza chilichonse chooneka ngati tsitsi. Ku madhhab a Shafi'i, amene ambiri a ife tidaphunzira kwa masheikh athu, Imam An-Nawawi, amene adamwalira m'chaka cha 676 Hijri, chimene ndi 1277, adafotokoza kuti ngati chinthucho chili choyera, chosachokera kwa munthu, mkazi wapabanja akhoza kuchigwiritsa ntchito mwamuna wake atalola. Taonani pamene Imam waika chikhomo: pa kudziwa ndi kulola kwa mwamuna. Pamene mwamuna akudziwa, palibe amene wanyengedwa.

M'nthawi yathu ino, Sheikh Ibn Baz, amene adamwalira mu 1999, adaletsa wigi, naiika m'gulu la kulumikiza. Sheikh Ibn Uthaymin, amene adamwalira mu 2001, adasiyanitsa pakati pa kuonjezera kukongola ndi kuchotsa chilema. Adati mkazi wokhala ndi tsitsi lake sayenera kuvala wigi, koma amene mutu wake ulibe tsitsi akhoza kubisa chilemacho. Umboni wake ndi nkhani ya Arfaja bin As'ad, amene mphuno yake idadulidwa pa nkhondo ya Kulab Chisilamu chisadafike. Iye adapanga mphuno ya siliva, koma idayamba kununkha, ndipo Mtumiki adamulamula kupanga ya golide, chonsecho golide ngoletsedwa kwa amuna. Kumbukiraninso hadith ya anthu atatu a mwa ana a Israeli, wakhate, wopanda tsitsi ndi wakhungu. Mngelo atafunsa wopanda tsitsi chimene akufunitsitsa, iye adapempha tsitsi labwino ndi kuti chimuchokere chimene anthu amanyansidwa nacho. Mngelo sadamudzudzule pa pempho limenelo. Adamusisita, tsitsi lidamera. Chimene chidamugwetsa pambuyo pake ndi kusayamika.

Mukandifunsa kumene ine ndaima, ndikuuzani. Tsitsi la munthu lisiyeni, kaya mukudwala kaya ayi. Mkazi amene tsitsi lake lilipo, angofuna lalitali ngati la pa kanema, hadith ya Asma ikumukwanira. Koma amene matenda, mankhwala kapena moto zamuchotsera tsitsi, akavala wigi ya ulusi wopangidwa kufakitale, amuna ake akudziwa, m'nyumba mwake kapena pansi pa mpango, ali ndi ma ulama odalirika kumbuyo kwake, ndipo palibe mwa inu woyenera kumuloza chala. Amene wasankha mpango wokha napirira, watenga njira yopanda chikaiko, ndipo malipiro ake ali kwa Allah. Allah ndiye akudziwa bwino koposa. Wigi si hijaab; wotuluka nayo pabwalo afundebe monga Surah An-Nur ndime 31 ikulamulira. Kwa ife amuna, dazi si chilema. Umar bin Al-Khattab adali wadazi, Ali bin Abi Talib chimodzimodzi, ndipo kofia ilipo.

Mwaona tsono kuti lamulo lenilenilo latibweretsa pa kulankhulana. Chimene Shariya ikudana nacho kwambiri m'nkhani iyi ndi chinyengo, ndipo chinyengo chimatha pamene woyenera kudziwa wauzidwa.

Woyamba kuuzidwa ndi mwamuna. M'Surah Al-Baqarah ndime 187, Allah wafanizira mwamuna ndi mkazi ndi chovala, wina kwa mnzake. Chovala chimakhudza khungu, chimadziwa chipsera chilichonse, koma ntchito yake ndi kuchiphimba kwa anthu akunja. Mlongo wanga, usadikire kuti adzaone yekha usiku mpango utagwa. Sankha nthawi imene ana agona, iye wadya ndipo mtima uli m'malo, unene momveka: “Bambo a ana, khalani pansi ndikuuzeni. Adokotala anena kuti mankhwala amene ndayambawa achotsa tsitsi langa lonse. Sindifuna kuti mudzadzidzimuke. Ndikuganiza zopeza wigi ya ulusi yovala muno m'nyumba, koma ndati ndiyambe ndamva kwa inu.” Mawu amenewa ndi ochepa, koma amene adawanenapo akudziwa kuti amalemera kuposa thumba la chimanga.

Ndipo iwe m'bale wanga, pamene mawu amenewa akugwera m'khutu, dziwa kuti mkazi wako akuyang'ana nkhope yako kuposa pakamwa pako. Ukatembenukira kukhoma, wamuyankha. Ukati “zili ndi iwe” n'kutenga foni, wamuyankhanso. Ukaseka, ngakhale mwanthabwala, chilonda chimenecho chidzapola mochedwa kuposa nthendayo. Muuze kuti: “Mayi a ana, ine ndidakwatira inu. Mukafuna wigi tipeza, mukafuna mpango wokha kwa ine n'chimodzimodzi.” Ndipo ukanena, uchite. Pali amuna amene mkazi akadwala amayamba kutchula Sunnah ya mitala, Sunnah imene sadaikumbukepo pamene mkaziyo ankasenza mitolo ya fodya kuchokera kumunda. Mtumiki adatiphunzitsa kuti ubwino wa mwamuna umayesedwa ndi mmene amakhalira ndi akunyumba kwake. Uthman bin Affan sadapite ku nkhondo ya Badr chifukwa adatsala kudwazika mkazi wake Ruqayya, mwana wa Mtumiki, ndipo Mtumiki adamuwerengera malipiro ndi gawo ngati la amene adamenya nawo nkhondoyo.

Kuli mwamuna winanso amene amakakamiza mkazi kuvala wigi chifukwa iye ndiye akuchita manyazi. Mutu wa wolandira mankhwala a khansa umakhala wanthete, ndipo m'kutentha kwa mwezi wa October wigi imayabwa ndi kutulutsa thukuta. Chilolezo chimene ma ulama adapereka n'chopepukitsira wodwala. Musachisandutse goli.

Wachiwiri woyenera kudziwa ndi wofunsira mbeta, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa. Mtsikana tsitsi lake lidachoka ali wamng'ono, silidamerenso. Mnyamata wabwera, ankhoswe akumana, mahari atchulidwa. Azakhali akuti: “Khalani chete, akadzaona adzakhala atalowa kale.” Abale anga, mayi wa m'hadith ya Asma adabweranso ndi nkhani ya mkwatibwi. Mtumiki tsiku lina adapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika, napeza chonyowa chabisidwa pansi, nauza wogulitsa kuti wachinyengo sali mwa ife. Ngati zili choncho pa chakudya cha tsiku limodzi, nanga pa ukwati wa moyo wonse? Walii, kapena atsibweni, kapena mayi wachikulire wodalirika, auze mnyamatayo nikah isadachitike, mseri, mwaulemu: “Mwana wathuyu adadwala, tsitsi lake silidabwerere, tati mudziwe tisadapitirire.” Akabwerera m'mbuyo, misozi ya sabata imodzi ndi yopepuka kuposa chitonzo cha zaka. Akapitirira, mwapeza mkamwini weniweni. Ndipo mnyamata amene wauzidwa nabwerera, chimene wamvacho ndi amaana. Akachitulutsa pa bawo kapena pamsika, wachita khiyaana. Lamulo lomweli likugwiranso mnyamata wobisa nthenda yake kwa akuchikazi.

Amayi ako, achemwali ako ndi ana ako, Shariya sikukukakamiza kuwauza, koma nzeru ikukulangiza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, adatinso bisani matenda, maliro tidzamva. Udzafuna wokuperekeza ku Tete, wokusungira ana, wokutungira madzi masiku amene mankhwala akufooketsa. Uwauze chimene chikuchitika ndi chimene ukufuna kwa iwo, chifukwa achibale ambiri amalakwitsa posadziwa chochita. Ukhoza kunena kuti: “Amayi, musalire pamaso pa ana. Ndithandizeni kumanga mpango, ndipo nkhaniyi ithere m'nyumba muno.” Ana auzidwe mwachidule, tsitsi lisanagwe ngati n'kotheka. Mwana akaona amake asintha mwadzidzidzi popanda womufotokozera, amadzipangira yekha chifukwa: amayesa kuti amake akufa mawa, kapena kuti iye ndiye walakwa, kapena kuti akawakhudza nayenso lichoka. Muuzeni kuti: “Mwana wanga, mankhwala amene ndikumwa ndi amphamvu, achotsa tsitsi, koma akundithandiza. Ichi ndavalachi ndi wigi. Bwera undikumbatire, sizipatsirana.”

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ngokhululuka, ngwachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Alhamdulillah, chitamando chochuluka kwa Iye amene amabisa zofooka za akapolo Ake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, kwatsala anzathu ndi anansi. Amenewa alibe ufulu wodziwa chimene chili pansi pa mpango wa munthu. Kukhala chete pa chinthu chimene wofunsayo sichikumukhudza si bodza. Wina akakakamira, mlongo wanga, yankha kuti: “Ndikudwala, mundikumbukire m'duwa.” Basi. Ukafuna kuuza mnzako mmodzi wapamtima, muuze, umuuzenso kuti zithere pa iye. Chokhacho upewe ndi kunena kuti “ndi langa” pamene si lako, kapena kudzitama nalo pakati pa akazi anzako, pakuti Mtumiki adafanizira wodzionetsera ndi chimene sadapatsidwe ndi munthu wovala nsalu ziwiri zabodza.

Ibn Abbas tsiku lina adafunsa wophunzira wake Ata bin Abi Rabah ngati angafune kuona mkazi wa ku Jannah, namuonetsa mkazi wina wakuda. Mkaziyo adali ndi khunyu, ndipo akagwa thupi lake linkavundukuka. Adapempha duwa kwa Mtumiki. Mtumiki adamupatsa kusankha: apirire alandire Jannah, kapena amupempherere achire. Iye adasankha kupirira, koma adapempha chinthu chimodzi, kuti Mtumiki amupempherere asamavundukuke akagwa, ndipo Mtumiki adamupempherera. Taonani, mkazi wolonjezedwa Jannah adatha kusenza nthenda, koma maso a anthu adapempha kuti amuchokere. Musadabwe tsono pamene mlongo wanu, amene wapirira singano ndi kusanza osadandaula, akulirira tsitsi. Musamuuze kuti ndi tsitsi chabe. Kufuna kuphimbika si kuchepa kwa imaan.

Mtumiki adalonjeza kuti wophimba Msilamu mnzake, Allah adzamuphimba padziko ndi pa Tsiku Lomaliza. Kuphimbako kuli ndi manja ndi miyendo. Mphepo ikachotsa mpango wa mnzako pamsika, ima kutsogolo kwake, umupatse chitenje chako, ndipo madzulo usakasimbe. Ukazindikira kuti chimene wavala ndi wigi, usachigwire, usafunse mtengo, usakodole mnzako. Foni yako isajambule. Chithunzi chimodzi chikalowa pa WhatsApp chimafika ku Chipata ndi ku Lilongwe dzuwa lisanalowe, ndipo palibe tauba imene ingachibweze m'mafoni a anthu. Aphunzitsi a madrasa, mwana wa zipere kapena wa mabwalo m'mutu ali m'manja mwanu. Dzina lachipongwe limene mwalilekerera lero adzakula nalo. Abdullah bin Mas'ud atakwera mumtengo, mphepo idaonetsa miyendo yake yowonda, maswahaba ena naseka. Mtumiki sadalekerere. Adawauza kuti miyendo imeneyo pa sikelo ya Allah njolemera kuposa phiri la Uhud.

Ndichenjezenso gulu lina, la amene amva hadith ya temberero lero, mawa akaima nayo pakhomo pa wodwala. Temberero la m'hadith likunena za mchitidwe. Kuloza munthu ndi kumutchula kuti iwe ndiwe wotembereredwa ndi nkhani ina, imene sitidapatsidwe. Imam Bukhari adalemba za munthu amene ankabweretsedwa kawirikawiri chifukwa cha mowa; wina atamutemberera, Mtumiki adamuletsa, naikira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Ameneyo adali pa tchimo losakanika. Nanga mayi wodwala amene akutsata fatwa ya ma ulama odziwika? Ukaona kuti wavala tsitsi la munthu mosadziwa, mufikire mseri, mofatsa, ndipo ngati thumba likulola umugulire cha ulusi ndiwe.

Pa za twahara, pali mfundo imene siyenera kutsala. Pa wudhu timapaka madzi pamutu, ndipo wigi si mutu. Pa madhhab a Shafi'i n'kokwanira kupaka gawo la mutu, choncho ingoisunthani, dzanja lonyowa likhudze khungu kapena tsitsi lanu lenileni. Pa kusamba kwa janaba, kwa kumwezi ndi kwa uchembere, madzi ayenera kufika pakhungu lonse la mutu, ndiye ivuleni. Zija zomata ndi guluu, zokhala masabata osachoka, zimatchinga madzi, zimaononga Swala, ndiponso zimazula tsitsi lotsala la pamphumi. Sankhani yovula ndi kuvala.

Ndipo pa ndalama, mabanja ayeze bwino. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, ulendo wa kuchipatala umabwera mwezi ndi mwezi. Musadye ndalama ya galimoto yopita kukalandira mankhwala pogula wigi, ndipo musaitaye kwa woombeza amene adzakuuzani kuti tsitsi lili m'nsupa ya m'bale wanu. Amene tsitsi layamba kumuchoka popanda chifukwa chodziwika, apite akapimidwe, popeza zina mwa nthenda zimenezi zimachizika zikapezeka msanga. Ife a mumzikiti uno, tikamva kuti m'bale kapena mlongo ali pa ulendo wa mankhwala, sadaka yathu imupeze mwakachetechete, osalengeza dzina lake pano.

E Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja kwake, ndipo sangalalani ndi Abu Bakr, Umar, Uthman, Ali ndi maswahaba onse. E Allah, chizani odwala athu, amene ali m'nyumba zawo ndi amene ali m'zipatala za kutali, monga mudachizira kapolo Wanu Ayyub. Apatseni mphamvu alongo athu amene akuchita mantha kutsegula pakamwa usiku uno, ndipo feweretsani mitima ya amene adzawamvera. E Allah, phimbani zofooka zathu, sungani malirime athu, ikani chikondi ndi chisoni pakati pa amuna ndi akazi awo. Alipireni odwazika ndi madokotala. Khululukirani makolo athu ndi onse amene adatsogola, dalitsani minda yathu, ndipo lipatseni mtendere dziko la Mozambique ndi maiko oyandikana nalo. Aamin.

Imirirani, muwongole mizere, tiswali.